Kusintha kwa Tanthauzo la Mawu a Nyama ya Uzimba m'Chingerezi Chakale

1. Chiyambi

Tanthauzo la mawu silikhala malo amodzi; nthawi zina limakula, nthawi zina limachepa. Nkhani ino ikulondola mbiri ya mawu atatu a Chingerezi, *venison*, *deer* ndi *umbles*, pofuna kusonyeza kuti malamulo a uzimba ndiponso kusiyana kwa olemera ndi osauka zimasiya mapazi ake m'chinenero.

2. *Venison* ndi *deer*

Liwu la *venison* linalowa m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa cha Anormani, amene anagonjetsa England mu 1066. Gwero lake ndi liwu la Chilatini *venatio*, kutanthauza uzimba. Choncho poyamba liwuli linkaimira nyama iliyonse yophedwa ndi mlenje kuti idyedwe: gwape, nguluwe ngakhalenso kalulu. Tanthauzo lotakatali likupezekabe m'Baibulo la King James la 1611, momwe nyama imene Esau ankasakira atate ake Isake ikutchedwa *venison*.

Liwu la *deer* linayenda njira yofanana. M'Chingerezi chakale *dēor* chinali chilombo chilichonse cha kuthengo, monga liwu la Chijeremani *Tier*, lochokera ku tsinde lomwelo, limaimira nyama iliyonse mpaka lero. M'sewero la Shakespeare la *King Lear* liwuli likugwiritsidwa ntchito ponena za mbewa ndi makoswe. Pang'onopang'ono mawu onse awiri anadzakhazikika pa nyama imodzi, ya mtundu wa gwape.

3. Mphamvu ya lamulo

Cha m'ma 1079 Mfumu William anapatula New Forest kuti akhale malo ake a uzimba. Malamulo a nkhalango ankateteza zinthu ziwiri: *vert*, ndiyo mitengo ndi msipu, ndi *venison*, ndiyo agwape a mitundumitundu pamodzi ndi nguluwe. Munthu wamba wopha nyamazi ankalandira chilango choopsa, ndipo ndi chikalata cha Charter of the Forest cha 1217 chimene chinaletsa kupha kapena kulemaza munthu pa mlandu wotere. Nguluwe zitasowa m'nkhalango za England, gwape ndiye anatsala pa mndandanda wa mfumu. Pambuyo pake lamulo la Game Act la 1831 linaika akalulu ndi mbalame zonga nkhwali pansi pa liwu lina, *game*. Lamulo silinasinthe tanthauzo palokha, koma linalimbitsa malire amene olankhula anali atayamba kale kuwatsata.

4. *Umbles*: gawo la zam'kati

Mtima, chiwindi, impso ndi zam'kati zina za gwape zinkatchedwa *numbles*, kuchokera ku Chifalansa *nombles*. Phokoso la *n* linatayika, monga zinachitikira ndi *napron* ndi *nadder*, amene lero ndi *apron* ndi *adder*: olankhula ankamva ngati *n* ndi wa kaliwu kotsogola *an*. Zam'katizi ankaziphika m'chitumbuwa chotchedwa *umble pie*, chimene Samuel Pepys anachitchula m'buku lake la zochitika za tsiku ndi tsiku mu 1663. Popeza m'malankhulidwe a m'madera ambiri a England *h* woyamba samveka, *umble* anafanana ndi *humble*, kudzichepetsa, ngakhale mawuwa sali pa ubale. *Humble* amachokera ku Chilatini *humilis*. M'zaka za m'ma 1800 kudya chitumbuwachi kunasanduka mkuluwiko wotanthauza kupepesa mochititsidwa manyazi. Chakudya chinaiwalika, mkuluwiko n'kutsala.

5. Kufanizira ndi zinenero za Chibantu

Tsinde la *-nyama*, limene Malcolm Guthrie analiika pakati pa matsinde ofala mu *Comparative Bantu* ya 1967 mpaka 1971, lili ndi matanthauzo awiri: cholengedwa chamoyo ndi ndiwo zake. Chichewa chasunga onse awiri. Mlenje amasaka nyama, ndipo mayi amaphika nyama. Chiswahili chimasiyanitsa pogwiritsa ntchito magulu a mayina: *mnyama* ndi yamoyo, *nyama* ndi yodya. Chishona chili ndi *mhuka* ndi *nyama*, pamene Chizulu chili ndi *inyama* ndiponso *inyamazane*, nyama yosakidwa. Apa kusiyanitsa kwachokera m'kati mwa chinenero, pamene Chingerezi chinabwereka liwu kwa ogonjetsa.

6. Mathero

Ku South Africa *venison* amaimiranso nyama ya ngoma, nswala ndi springbok, zimene si agwape a ku Ulaya. Tanthauzo limene linachepa m'nkhalango za mafumu a England linatakasukanso pamene liwu linafika kumene nyama za uzimba n'zamitundu yambiri. Wofufuza matanthauzo a mayina a nyama m'Chibantu ayenera kufunsa funso lomweli: ndani ankaloledwa kusaka, ndipo ndani ankalandira chiwalo chiti?