Madzi a m'Mipope ku Rumphi: Nzeru Yochokera kwa Antchito a Boma

Nzeru yothandiza anthu sichokera ku likulu kokha ayi. Kaŵirikaŵiri imachokera kwa wantchito wa boma amene amayenda m'midzi ndi kuona mavuto ndi maso ake.

M'chaka cha 1968, Bambo Lindesay Robertson, amene ankagwira ntchito m'nthambi ya boma yoona za chitukuko cha m'midzi, anayesa njira yatsopano ku Chingale, m'boma la Zomba. Anaona kuti madzi a m'phiri angathe kutsika okha m'mipope kufikira kumidzi, popanda injini kapena mafuta. Boma linapereka mipope ndi alangizi, ndipo eni mudzi anakumba ngalande ndi makasu ao.

M'zaka za m'ma 1970 njira imeneyi inafika ku Rumphi. Anthu a ku Ng'onga, Muhuju, Hewe ndi Nkhamanga anayamba kutunga madzi ochokera m'mitsinje ya kumapiri pafupi ndi nyumba zao. Izi zinathandiza kwambiri, chifukwa matenda a kolera anali atafika m'Malaŵi m'chaka cha 1973.

Koma mpope sulenga madzi. Madziwo amasungidwa ndi mitengo ndi udzu wa kumapiri monga ku Nyika. Mitengo ikadulidwa, mvula imakokolola dothi, matope amatseka mipope, ndipo m'chilimwe mtsinje umaphwa. Pamenepo amayi amabwerera ku zithaphwi, ndipo ana amayamba kutsegula m'mimba. Mliri wa kolera wa m'zaka za 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, unafikanso ku Rumphi.

Chifukwa chake alangizi a zaumoyo amaphunzitsa izi:

1. Anthu asadule mitengo, kulima kapena kutentha tchire pafupi ndi gwero la madzi.
2. Pampope pazikhala posesa, ndipo ziŵeto zisafikepo.
3. Madzi otayika azipita m'dzenje la miyala kapena kumunda wa ndiwo, kuti udzudzu usaswane.
4. Madzi akumwa aziŵiritsidwa kapena kuthiridwa klorini, ndi kusungidwa m'ndowa yovindikira.
5. Mpope ukaphulika, komiti ya pampope idziŵitsidwe tsiku lomwelo.

Munthu amene waona vuto pampope kapena kugwero auze mlangizi wa zaumoyo akabwera kusikelo. Makolo anakumba ngalande. Udindo wa ana ao ndi kusunga madziwo.