Zitsulo zobisika m'dothi: zoyenera ndi zosayenera kwa oumba a kwa Nsamala

Kwa Nsamala ku Balaka mabanja ambiri amapeza ya ndiwo kuchokera m'dothi: ena amaumba njerwa, ena miphika ndi mitsuko, ndipo magulu a amayi amaumba mbaula za Chitetezo. Onsewa amadziwa kuti dothi la pamtapo wina limapsa bwino pomwe la tsidya lina la dambo lomwelo limang'aluka. Ambiri amati ndi dzanja la woumba, koma kawirikawiri mwini nkhani ndi tizitsulo tochepa timene tili m'dothimo, komanso mmene moto watipezera.

Nkhani yomweyi imawasowetsa tulo akatswiri a m'mafakitale. Mu 1975 Seishi Yajima wa pa yunivesite ya Tohoku ku Japan anaonetsa kuti polima, pulasitiki wapadera wokhala ndi silikoni, akamuwotcha pamoto wa madigiri oposa 1,000 pamalo opanda okosijeni, amasanduka ulusi wa silicon carbide, chinthu chimene amapangiranso miyala yonolera zitsulo. Kampani ya Ube itathira titaniyamu pang'ono mu polimayo inapeza ulusi wina wotchedwa Tyranno, ndipo pambuyo pake inapanga mitundu ina ya ulusiwu ndi zekoniyamu komanso aluminiyamu kuti uzipirira moto waukulu. Titaniyamuyo ndi yemwe ali mumchenga wa rutile wa ku Kasiya ku Lilongwe. Akatswiriwo amachita kuyeza chitsulo asanathire. Woumba wa m'mphepete mwa mtsinje wa Rivirivi amachipeza chathiridwa kale m'dothi, ndiye ntchito yake ndi kuchizindikira.

Zoyenera: Mukapeza mtapo watsopano, umbani tinjerwa kapena timbale tingapo, muwotche, mugogode ndi chala kapena msomali, kenaka munyike m'madzi usiku wonse. Cholira ngwee chapsa. Cholira mobuma kapena chonyenyeka m'madzi sichinapse.

Zosayenera: Musaweruze kulimba ndi kufiira. Kufiirako ndi dzimbiri la chitsulo lomwe lili m'dothi, ndipo limaonekera ngakhale pa njerwa imene moto wangoinyambita. Ogula ambiri amasankha njerwa yofiira bwino n'kusiya yoderapo ya pafupi ndi khomo la uvuni, chonsecho yoderayo nthawi zambiri ndiyo yalimba.

Zoyenera: Pokonza uvuni siyani mipata yoti mpweya uziyenda, makamaka moto ukayamba kukolera. Chitsulo chikapeza mpweya wokwanira chimakhala dzimbiri lofiira lokhazikika, ndipo timizu ndi tizinyalala ta m'dothi timapsa n'kutuluka ngati utsi.

Zosayenera: Musathamangire kumata uvuni ponseponse utsi udakali wakuda. Mpweya ukachepa, chitsulo chomwe chija chimasintha khalidwe: chimada, n'kuyamba kusungunula dothi loyandikana nacho moto usanafike pachimake. Kunja kwa njerwa kumatsekeka, utsi umatsekeredwa mkati, ndipo mukaiswa mumapeza mtima wakuda, nthawi zina wotupa. N'zimenenso amaona akatswiri a polima aja: chitsulo kapena nikelo pang'ono amachititsa kuti kaboni ayambe kudzisanja m'magulu pamoto wocheperapo kusiyana ndi mmene zikanakhalira. Woumba amene akufuna mphika wakuda akhoza kuufukiza dala ndi masamba kapena utuchi, koma kumapeto, utapsa kale.

Zoyenera: Phwanyani dothi louma, mulisefe, ndipo timiyala toyera muchotse ndi manja. Apa mpofunika kufatsa chifukwa Balaka ndi dziko la miyala ya laimu. Mapiri a Chenkumbi akhala akupatsa anthu laimu kwa zaka zambiri, ndipo timiyala ta mtunduwu timapezekanso m'dothi la m'madambo. Muli kashiamu, yemwe nayenso ndi chitsulo ngakhale saoneka choncho. Akakhala ufa wosalala wosakanikirana bwino savuta kwenikweni: amangochititsa kuti njerwa ituluke yotuwira kapena yachikasu.

Zosayenera: Musasiye kamwala ka laimu, ngakhale kakhale kochepa ngati njere ya mapira, mukhoma la mphika kapena la mbaula. Moto ukafika pakati pa madigiri 700 ndi 900 kamwalako kamasanduka laimu wamoto. Chinthucho chimatuluka mu uvuni chili bwinobwino, chimagulidwa, chimapita kunyumba. Ndiye laimu uja amayamba kumwa chinyontho cha mumpweya, amafufuma, n'kuthothola chibenthu, pansi pake n'kuoneka kadontho koyera. Izi zimatha kuchitika patapita masabata, makamaka mvula ikayamba, ndipo wogula sabweranso. Mwa zonse zimene zili pano, ichi ndicho chimawonongetsa mbiri ya gulu la oumba mwakachetechete.

Zoyenera: Dothi lamakande, lomata kwambiri ndi long'aluka likauma, lisakanizeni ndi mapale osinja kapena mchenga wosefa. Phale linapsa kale, silinyalanso, choncho limagwira dothi laliwisi kuti lisakokane mopitirira.

Zosayenera: Musathire utuchi wa zitsulo wa kwa owotcherera kapena tizidutswa ta misomali poganiza kuti chitsulo chilimbitsa mbaula. Ganizoli lili ndi pochokera. Polima amanyala kwambiri akamapsa, ndipo m'zaka za m'ma 1990 Peter Greil wa ku Germany anafotokoza njira yothiramo ufa wa zitsulo umene umafufuma pamoto n'kudzaza malo amene polimayo wasiya. Koma kumeneko ufa umakhala wa msinkhu woyezedwa, ndipo mpweya wa mu uvuni amachita kuusankha. Pamoto wa nkhuni chidutswa cha chitsulo chimatambasuka mosiyana ndi dothi, chimachita dzimbiri, chimatupa, ndipo mng'alu umayambira pomwepo.

Zoyenera: Umitsani pamthunzi, yambani ndi moto waung'ono, ndipo mukamaliza dikirani uvuni uzizire wokha. Pa madigiri 573 mchenga wa m'dothi umatambasuka mwadzidzidzi, ndipo pozizira umabwereranso mwadzidzidzi pa madigiri omwewo.

Zosayenera: Musafukule zikadali zotentha chifukwa mawa ndi tsiku la msika.

Zoyenera: Pondani dothi ndi madzi amene mungathe kumwa osakwinya nkhope.

Zosayenera: Musagwiritse ntchito madzi a mjigo wamchere. Mcherewo umatsalira m'njerwa, ndipo khoma likanyowa n'kuuma umatulukira kunja ngati ufa woyera, n'kumasupula pulasitala.

Zoyenera: Ngati mukufuna mphika wonyezimira, ukulungizeni ndi mwala wosalala dothi lisanaumiretu, monga ankachitira agogo athu. Kukulungiza kumagoneka timbewu ta dothi mbali imodzi, ndipo mphika umawala popanda kuthira kalikonse. Kuwala kwagalasi kumene mumaona pa makapu a ku Dedza Pottery, yomwe inayamba mu 1987, kumafuna mankhwala oyezedwa ndi uvuni wotentha kuposa moto wapabwalo.

Zosayenera: Musaswe batire ya galimoto kapena ya sola kuti mupeze chowalitsira. Mtovu wa m'menemo umasungunuka pamoto wochepa, n'chifukwa chake umakopa oumba, ndipo ku Mexico mbiya zopaka mtovu zadwalitsa mabanja ambiri, oumba ndi ogula omwe. Chakudya chowawasa, monga thobwa lagonera, matimati, bwemba kapena malambe, chimasungunula mtovuwo n'kuulowetsa m'thupi. Bungwe la WHO limati palibe mlingo wa mtovu umene uli wabwino m'magazi, ndipo amene amavulala kwambiri ndi ana aang'ono, chifukwa umawononga ubongo umene ukukula. Ufa wakuda wa m'mabatire a tochi nawonso musaudetsere miphika: muli manganizi, ndipo fumbi lake likamapumidwa kawirikawiri limawononga mitsempha ya woumba mwini.