Wailesi Yoitanira Chithandizo

Wailesi ya m'nyumba imangolankhula, munthu sangaiyankhe. Koma ku America kuli wailesi yotchedwa CB, imene munthu amalankhuliramo namva yankho la mnzake. Boma la dzikolo linaloleza anthu wamba kugwiritsa ntchito wailesi zoterezi m'chaka cha 1958. Oyendetsa malole ndiwo anazikonda koposa.

Kuyambira mu 1977 wailesiyi ili ndi matchanelo 40. Tchanelo 9 inapatulidwira anthu opezeka pangozi ndi apaulendo osowa chithandizo, motero kuchezerapo nkoletsedwa.

Munthu akaona ngozi pamsewu, amadina batani la pacholankhulira. Kenaka amatchula momveka bwino malo a ngoziyo, chimene chachitika ndi chiwerengero cha ovulala. Akatha amasiya batanilo, chifukwa akalidinabe sangamve yankho. Wakumva uthengawo amadziwitsa apolisi kapena achipatala msangamsanga. Ngati palibe woyankha, woitanayo amayesa tchanelo 19, pamene pamalankhulira oyendetsa malole.

Kumene foni ya m'manja sigwira, wailesi imeneyi ingathe kupulumutsa moyo.

Mafunso
1. Kodi CB imasiyana bwanji ndi wailesi ya m'nyumba?
2. Tchulani zinthu zitatu zimene woitana chithandizo amanena.
3. Nchifukwa chiyani woitana amasiya batani?