Galu wa pa foni ndi galu wa pakhomo

Nkhaniyi anaiyambitsa ndi mwana wanga wamkulu. Titaberedwa nkhuku ziwiri usiku umodzi, anabwera ndi foni n'kundionetsa galu wamkulu ngati thole. "Bambo, tigule uyu." Anali Boerboel, galu wa ku South Africa amene alimi akumeneko ankaweta kuti azilondera mafamu. Wogulitsayo anali pa Facebook, ndipo ankafuna titumize kaye theka la ndalama tisanakaone n'komwe kagaluko. Ndinakana. Wogulitsa woona amakulolani kufika pakhomo pake, muone kagalu, muone make, muonenso khadi la katemera.

Komabe ndinagula bandulo n'kuyamba kuwerenga. Boerboel akakula amaposa makilogalamu 50. German Shepherd ndi wanzeru ndithu, koma ali ndi ubweya wambiri, amafuna malo othamangapo tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri amavutika ndi mafupa a m'chiuno. Onsewa amadya kwambiri. Ife kuno ufa timachita kuyeza ndi kapu kuti ufike kumapeto kwa mwezi, ndiye galu wotere angadye chiyani? Nyumba zathunso n'zothithikana, ana a anzathu amasewera pakhomo pathu penipeni. Zambiri za pa intaneti amalembera anthu a mipanda ndi mafiriji, choncho powerenga muzidzifunsa kuti wolembayo akunena za khomo lotani.

Chimene chinandiseketsa n'chakuti galu wathu wakumudzi, yemwe timamunyoza uja, nayenso amalembedwa. Akatswiri amamutcha Africanis. Ndi wa ubweya waufupi, amapirira kutentha, sadya mowononga, ndipo usiku amauwa ngati wina aliyense. Ine ndinkafuna kuuwako basi.

Phunziro lalikulu linali la chiwewe. Bungwe la WHO limati pafupifupi anthu onse odwala chiwewe amachitenga kwa agalu, ndipo pafupifupi anayi mwa anthu khumi alionse ndi ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba kuonekera, munthu sachira. Choncho kagalu kabayitseni katemera kakakwana miyezi itatu, kenako chaka chilichonse. Alangizi a ziweto amakonda kuchititsa katemerayu chakumapeto kwa September, poti pa 28 ndi tsiku lokumbukira matendawa padziko lonse, koma musachite kudikira tsikulo. Galu akaluma kapena kukanda munthu, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala likhale laling'ono. Zopakapo tsabola kapena ubweya wa galuyo zija sizithandiza. Anawo muwauze kuti asabise akalumidwa poopa kukalipiridwa, chifukwa ambiri amabisadi.

Zina n'zing'onozing'ono. Kagalu kasachoke kwa make kasanakwane masabata 8. Muzikachotsa nkhupakupa ndi kukamwetsa mankhwala a njoka za m'mimba. Musakapatse ndiwo za anyezi wambiri kapena mafupa a nkhuku ophika.

Ndisanatenge galu ndinafunsa kaye kwa mtsogoleri wa dera lathu za malamulo a mumsasa muno, ndinauzanso oyandikana nawo, pakuti si onse amene amafuna galu pafupi ndi khomo lawo. Kagaluko tinakatenga kwa mayi wina wa kuseri kwa mjigo, posinthana ndi nkhuku imodzi. Mwana wanga anakwiya masiku awiri. Lero ndiye amakagonera pafupi, ndipo Lachiwiri likubwerali akanyamula yekha kupita nako ku katemera.