Mlaliki Amene Anatumidwa Kukagula Maboti a Mfumu

Mu tauni ya Livingstone muli mpingo wa United Church of Zambia wotchedwa Coillard Memorial. Dzinali ndi la François Coillard, mmishonale wa ku France wa bungwe la Paris Evangelical Missionary Society, amene anawoloka Zambezi mu 1885 kukayamba ntchito pakati pa Alozi. Koma pali munthu wina wa m'mbiri yomweyo amene dzina lake silimveka kawirikawiri, Willie Mokalapa, ndipo aliyense wofuna ubusa, ngakhalenso mkulu wa mpingo amene amasunga thumba la chopereka, ayenera kumva zimene zinamuonekera.

Coillard asanafike kwa Alozi anali atatumikira zaka pafupifupi makumi awiri ku Lesotho. Chinenero cha Alozi chinali chofanana kwambiri ndi Chisutu chifukwa cha Amakololo a Sebetwane amene analamulira chigwa chimenecho kale, choncho mishoni inkadalira alaliki Achisutu ndi mabuku a Chisutu. Alaliki amenewa ndiwo ankaphunzitsa ana, kuyendera midzi pa bwato, ndi kudwala malungo pamodzi ndi azungu. Mokalapa anali mmodzi wa iwo, munthu wanzeru ndi wodziwa kulankhula. Komabe malipiro awo anali ochepa, ndipo pa zinthu zikuluzikulu za mpingo mawu omaliza anali a mzungu. Apa tisabise mawu: amishonale amene ankaphunzitsa za chiyero cha moyo analephera kuchitira chilungamo anzawo ogwira nawo ntchito, ndipo bala limenelo ndilo linatsegula khomo la zonse zinatsatira.

Mfumu ya Alozi, Lewanika, nayo inali ndi dandaulo lake. Inkafuna kuti ana a nduna zake adziwe Chingerezi ndi masamu, kuti azitha kuwerenga okha mapepala a British South Africa Company, kampani imene inalowa m'dziko lake kudzera m'pangano la Lochner la 1890. Sukulu za mishoni zinkalimbikira Chisutu ndi Baibulo. Mfumu itapita ku London mu 1902 pa mwambo woveka ufumu Edward VII, inabwerako ikufunitsitsa kuti dziko lake litukuke msanga.

Nthawi yomweyo ku South Africa kunali kutabuka mipingo ya anthu akuda yodziimira payokha. Mangena Mokone anayambitsa Ethiopian Church mu 1892, ndipo mu 1896 mpingowo unalumikizana ndi African Methodist Episcopal Church (AME) ya ku America, ija Richard Allen anayambitsa ku Philadelphia mu 1816. Amalawi amaudziwa mpingo wa AME kudzera mwa Hanock Msokera Phiri, amene anaubweretsa ku Kasungu mu 1924. Mokalapa anachoka ku mishoni, nalowa AME, nabwerera ku Bulozi ali ndi udindo wotsogolera ntchito yake kumeneko. Anatsegula tchalitchi ndi sukulu yophunzitsa Chingerezi pafupi ndi likulu la mfumu ku Lealui. Ana ambiri anatuluka m'sukulu ya Coillard nkupita kwa iye. Coillard anamwalira ku Lealui mu May 1904 akuona ntchito ya ukalamba wake ikugawanika.

Kufikira apa, Mokalapa anali ndi dandaulo lomveka, ndipo zimene ankapatsa anthu zinali zofunikadi. Chimene chinamugwetsa sichinali chiphunzitso chonama kapena chigololo. Inali ntchito ya malonda. Chaka chomwecho cha 1904 mfumu inamupatsa ndalama zambiri kuti apite ku Cape Town akagule maboti ndi ngolo zothandiza pa mtengatenga. Kumeneko ndalamazo zinaperekedwa kwa anthu amalonda amene sanapereke katundu wolonjezedwa. Mokalapa sanabe. Anapusitsidwa, m'munda umene sanaudziwe. Akuluakulu a kampani yolamulira dziko, amene ankadana kale ndi mipingo ya anthu akuda, anapezerapo mwayi womutsekera njira. Mtima wa mfumu unazizira, aphunzitsi anabalalika, ana anachoka, ndipo pofika 1906 mpingo umene unadzaza anthu ku Lealui unali utazilala.

Funso limene limandisautsa ndi lakuti: n'chifukwa chiyani kutayika kwa ndalama za maboti kunapha mpingo? Maboti si Uthenga Wabwino. Mpingo wozika mizu umaberedwa, umalira, Lamulungu lotsatira nkusonkhananso. Uwu unafa chifukwa ambiri anaulowa potsata mfumu ndi chiyembekezo cha chitukuko, ndipo panalibe nthawi yokwanira yoti akhale pansi m'kalasi, aphunzire chikhulupiriro, pakhale akulu a mpingo otha kugwira ntchito mtsogoleri atachoka. Unali ngati denga lokhala pa mzati umodzi, ndipo mzatiwo unali mbiri ya munthu mmodzi pamaso pa mfumu imene iyo yomwe sinabatizidwe mpaka imfa yake mu 1916.

Mtumwi Paulo, m'kalata yake yachiwiri kwa Timoteo, anachenjeza kuti wotumikira asamadzikole ndi zochitika za malonda a moyo uno, monga msilikali sachita. M'kalata yoyamba, mutu 3, komanso kwa Tito, anandandalika zoyenera woyang'anira mpingo, ndipo pafupifupi zonse ndi za khalidwe: wodziletsa, wosakonda ndalama, woyendetsa bwino banja lake, wosakhala wongotembenuka kumene. Luso limene limatchulidwa ndi lodziwa kuphunzitsa. Mokalapa akadakana ulendo uja mwaulemu, nauza mfumu kuti ipeze wodziwa malonda, mwina akadataya ulemerero pang'ono ku bwalo, koma sukulu yake ikadakhala ndi mphunzitsi wake.

Musanene kuti tsobola wakale sawawa. Livingstone ndi tauni ya pamalire: mlatho wa pa Victoria Falls unatha kumangidwa mu 1905, wa ku Kazungula unatsegulidwa mu 2021, ndipo alaliki amadutsa monga amadutsira malole. Ku Maramba, Dambwa, Libuyu ndi Linda, Lamulungu nyimbo zimamveka m'matchalitchi akale, m'matenti ndi m'zipinda za sukulu zobwereka, m'Chitonga, m'Chilozi, m'Chinyanja ndi m'Chingerezi. Kuyambira pamene Frederick Chiluba analengeza pa 29 December 1991 kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, kutchedwa "munthu wa Mulungu" kumatsegula makomo a andale ndi a anthu achuma. Yesero la Mokalapa lili pomwepo. Mbusa wachinyamata amene ali ndi dandaulo loona pa mpingo umene anakuliramo amachoka ndi gulu. Bwana wina amamulipirira lendi ya holo ndi zokuzira mawu. Posakhalitsa mbusa uja ndiye akusonkhanitsa ndalama za akhristu zoti akaitanitse galimoto kunja, kapena zoti alowetse mu bizinesi yolonjeza phindu lalikulu mwezi uliwonse. Mtima wake ungakhale woyera ndithu. Koma tsiku limene ndalamazo zidzalowe m'madzi, mayi wogulitsa tomato pa msika wa Maramba sadzangotaya makwacha ake. Adzayamba kukayikanso zonse zimene anamva pa guwa.

Mabuku ochenjeza za zimenezi alipo, ndipo ena analembedwa m'Zambia momwemo. Conrad Mbewe, mbusa wa Kabwata Baptist Church ku Lusaka kuyambira 1987, analemba Pastoral Preaching mu 2017 ndi God's Design for the Church mu 2020, ndipo wakhala akudandaula poyera kuti azibusa ena alowa m'malo a sing'anga m'maganizo a anthu. Kalekale Richard Baxter wa ku Kidderminster, m'buku lake la 1656 lotchedwa The Reformed Pastor, analimbikitsa mbusa kudziyang'anira yekha poyamba, kenako kuphunzitsa katekisimu banja ndi banja. Ntchito yotere ndi yapang'onopang'ono, siikoka makamera, koma ndiyo imasiya chinthu m'manja mwa anthu. Mishoni ya Paris, ndi zolakwa zake zonse, inapitiriza kumasulira, mpaka Baibulo lonse la Chilozi linatuluka mu 1951, ndipo mpingo umene inabzala unalowa mu United Church of Zambia mu January 1965.

Inu akulu a mpingo, mbali yanu ndi yolemera kuposa mmene mumaganizira. Mlaliki wanu wa kumudzi akatha miyezi osalandira kanthu, akamalalikira Lamulungu lililonse koma pa msonkhano wa akulu osafunsidwa maganizo, mukuchita zomwe amishonale anachitira Mokalapa, ndipo tsiku lina adzapeza Lewanika wake. Mulipireni pa nthawi yake, mugulireni mabuku, mumutumize ku maphunziro, kaya ku sukulu ya ubusa ya Justo Mwale ku Lusaka kaya ku sukulu ya ubusa ya mpingo wanu. Ndipo mbusa akabwera ndi nkhani ya malonda yofuna ndalama za akhristu, mukaneni mwachikondi pa msonkhano womwewo, ndi kulemba m'buku la mpingo kuti mwakana.