Sikirini Yosindikizira Pamanja: Chida cha Wojambula Wogwirira Ntchito Pakhomo

Wojambula wa bulashi akamaliza chithunzi n'kuchigulitsa, mawa lake amayambanso pa pepala loyera. Luso lake limamulipira kamodzi kokha. Sikirini ndi chida chimene chimathetsa vuto limeneli: mumakonza chojambula chimodzi, kenako n'kuchisindikiza ka 30, ka 50, ngakhale kupitirira ka 100, pa malaya, pa zikwama zansalu, pa makadi kapena pa pepala lolimba lokoloweka kukhoma. Sichifuna injini, ndipo ntchito yambiri imatheka magetsi atazima. Kapepala kano kakufotokoza mmene chidachi chilili, mmene mungachikonzere ndi kuchigwiritsira ntchito, komanso ntchito zimene chimapindula nazo.

Kodi sikirini n'chiyani?

Ndi felemu yamatabwa yomwe yakungidwa nsalu yopyapyala ya timabowo tosaoneka bwino ndi maso. Imagwira ntchito ngati sefa ya ufa: malo amene mwatseka sapyola kanthu, malo amene mwasiya otseguka inki imadutsa n'kukadinda pa chinthu chimene chili pansi. Chokankhira inkiyo ndi sikwiji, kathabwa kogwirira kokhala ndi mphira wowongoka m'munsi mwake.

Njirayi ndi yakale. Inkadziwika ku China m'nthawi ya mafumu a Song, zaka za 960 mpaka 1279, ndipo mu 1907 Samuel Simon wa ku Manchester analembetsa mwalamulo njira yake yosindikizira pogwiritsa ntchito nsalu ya silika. Mu 1962 Andy Warhol anasindikiza nayo zithunzi za Marilyn Monroe zimene lero zili m'nyumba zikuluzikulu zosungiramo zaluso. Masiku ano silika anasiyidwa, ambiri amagwiritsa ntchito nsalu ya poliyesita, yomwe siola ndi madzi ndipo sitambasuka msanga.

Felemu, nsalu ndi sikwiji

Felemu akhoza kukukhomerani kalipentala wa kwanu komweko. Muuzeni atenge matabwa ouma bwino a paini, opalidwa, ochindikala pafupifupi masentimita 4, ndipo m'kati mwa felemuyo mukhale masentimita 40 m'lifupi ndi 50 m'litali. Kukula kumeneku kumakwanira chojambula cha pepala la A4 ndi malo otsala oikapo inki. Musanalipire, igonekeni pa tebulo lathyathyathya ndipo mudine ngodya iliyonse. Ikamagwedera, musatenge, felemu yopindika imadinda mbali imodzi kwambiri, mbali inayo mozilala. Ipakeni vanishi, chifukwa idzakhala ikunyowa tsiku lililonse.

Nsalu ya sikirini imagulitsidwa ndi nambala, ndipo nambalayo imanena kuchuluka kwa ulusi pa sentimita imodzi. Ya 43T ili ndi ulusi 43 pa sentimita. Mabowo ake ndi aakulupo, imadutsitsa inki yambiri, ndiye yoyenera malaya ndi nsalu. Ya 77T kapena 90T ndi yothinana, yoyenera pepala ndi zojambula za timizere ting'onoting'ono. Woyamba kumene agule 43T. Pophunzira, ena amagwiritsa ntchito nsalu yopyapyala ya makatani, ndipo imathandizadi kuzolowetsa dzanja, koma musalandire nayo ntchito ya kasitomala: imalefuka, zilembo n'kuyamba kupotoka.

Kukunga nsalu ndiye ntchito imene imasiyanitsa sikirini yabwino ndi yachabechabe, choncho musaichite mothamanga. Itanani mnzanu, wina azikoka, wina azikhoma. Yambani pakati pa mbali imodzi yaitali, khomani ndi sitepula yamatabwa kulowera kumapeto, kenako pitani mbali yoyang'anana nayo, mukoke mwamphamvu n'kuyambanso pakati. Chitani chimodzimodzi mbali ziwiri zotsalazo. Ulusi ukhale wolunjika, usapendekeke. Mukamaliza gogodani ndi chala: nsalu yokungika bwino imalira ngati ng'oma yowambidwa pamoto. Ikamachita makwinya, zulani mawaya muyambirenso, chifukwa palibe chimene mungachite pambuyo pake chokonza nsalu yolefuka. Tsukani ndi sopo wotsukira mbale kuti mafuta achoke, muumitse, kenako mumate m'mphepete monse ndi tepi yabulauni yomatira makatoni kuti inki isamalowe m'mipata.

Sikwiji ikhale yotalika kuposa chojambula ndi masentimita 2 kapena 3 mbali iliyonse, koma yokwana m'kati mwa felemu. Chofunika pa iyo ndi m'mphepete mwa mphira: mukhale mowongoka ndi mwakuthwa. Mukabuntha, palani pa sandipepa yomatidwa pa thabwa lathyathyathya. Pomaliza, mangirirani felemu ku thabwa lalikulu ndi mahinjesi awiri kuti izitseguka n'kumagwera malo amodzimodzi nthawi zonse.

Kuika chojambula pa sikirini

Njira yosavuta ndi ya pepala. Mumadula zilembo kapena maonekedwe ndi kampeni kakuthwa pa pepala lopyapyala, n'kuliika pansi pa nsalu. Inki yoyamba ikadutsa, pepalalo limamatirira lokha. N'kotchipa, koma pepala likanyowa limang'ambika, ndiye limangokwanira zinthu zochepa za maonekedwe akuluakulu.

Njira imene imabweretsa ndalama ndi ya mankhwala otchedwa emulsion, omwe amauma gwaa akaombedwa ndi dzuwa. Ambiri amabwera ndi kabotolo kena koti musakanize. Mukasakaniza, mankhwalawo amayamba kutha mphamvu pakapita masabata, makamaka pamalo otentha, choncho asungeni pozizira ndi pamdima ndipo mulembe tsiku pa chitini. Pakani m'chipinda chotseka makatani, mopyapyala, mbali zonse ziwiri za nsalu. Umitsani mumdima, m'kabati kapena m'katoni yaikulu, felemu itagona mopingasa. M'nyengo ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, mpweya umakhala wachinyontho ndipo kuuma kumachedwa. Isiyeni usiku wonse. Sikirini yosauma bwino siipsa bwino.

Chojambula chanu chikhale chakuda bii pa pepala la pulasitiki loonekera, kaya mwachilemba ndi inki yakuda, kaya mwachitulutsa pa pulinta. Ngati pepala lotero palibe, tulutsani pa pepala wamba n'kulipaka mafuta ophikira pang'ono kuti kuwala kuzipyola. Gonekani sikirini mbali yathyathyathya ili kumwamba, pansi pake mutaika siponji yokutidwa ndi nsalu yakuda. Ikani chojambula chotembenuza, kuti chiziwerengeka bwino mukachiyang'anira m'kati mwa felemu. Ambiri amalakwitsa pamenepa, n'kudzazindikira dzina la kwaya litatuluka chafutambuyo pa malaya oyamba. Tsinderani ndi galasi loyera, phimbani zonse ndi nsalu yakuda, tulukani nazo panja, kenako vundukulani.

Dzuwa lathu la masana ndi lamphamvu, ndipo nthawi zambiri ntchitoyi imatha m'masekondi ochepa kapena mphindi imodzi kapena ziwiri. Nthawi yeniyeni imadalira mankhwala, mwezi ndi mitambo, choncho dzipezereni nokha. Pa sikirini yoyesera, phimbani ndi katoni n'kumaikoka pang'onopang'ono masekondi 15 aliwonse, kuti mukhale ndi zigawo zopsa mosiyana. Potsuka mudzaona chigawo chimene chatuluka bwino, ndipo nthawi yake muilembe pakhoma pamodzi ndi ola ndi mwezi. Dzuwa la Juni si la Okutobala.

Mukachotsa padzuwa, lowani pamthunzi, nyowetsani mbali zonse ndi madzi ozizira, dikirani mphindi imodzi kapena ziwiri, kenako muwaze madzi mofatsa. Malo amene anabisika ndi chakuda amasungunuka, chojambula n'kuonekera. Mankhwala onse akamayoyoka, ndiye kuti sanapse mokwanira. Chojambula chikakana kutseguka, anapsa mopitirira kapena chakuda chanu chinali chotuwa. Timabowo tosafunika mutitseke ndi kadontho ka mankhwala omwewo kapena tepi.

Kusindikiza

Lowetsani kathabwa kosalala m'kati mwa malaya kuti inki isadutsire kumsana. Pakati pa nsalu ya sikirini ndi chinthu chosindikizidwa pakhale kampata ka mamilimita 2 kapena 3. Ndalama zachitsulo zomatidwa pansi pa ngodya za felemu zimapereka kampata kameneka. Thirani inki kumtunda kwa chojambula. Felemu ili yotukula pang'ono, kokani inki mopepuka kuti idzaze mabowo. Tsitsani felemu, gwirani sikwiji ndi manja awiri itapendekekera kwa inu pang'ono, ndipo mukoke kamodzi, mwamphamvu yofanana kuyambira kumtunda mpaka kumunsi. Kuima pakati kumasiya mzere. Zidindo zoyamba ziwiri kapena zitatu zikhale pa nyuzipepala yakale.

Inki ili ya mitundu iwiri. Yosungunuka ndi madzi imatsukika ndi madzi, siuma gwaa pa malaya, ndipo ndi imene tikulimbikitsa kwa wogwirira ntchito m'nyumba momwe mumagona ana. Vuto lake ndi lakuti imaumira m'mabowo mukachedwa, makamaka m'mwezi wa Okutobala, choncho sindikizani m'mamawa, pamthunzi, zinthu zonse zitayalidwa kale pafupi, ndipo foni ikalira musaiyankhe inki ili pa sikirini. Ina ndi plastisol, yomwe siuma yokha ngakhale itakhala masiku. Imafuna kutentha kwa pafupifupi madigiri 160 ndi mankhwala apadera potsuka. Pa malaya akuda gulani inki yoyera yokhuthala yopangidwira nsalu zakuda, chifukwa yawamba imamira osaoneka. Penti ya nyumba ndi ya galimoto zisiyeni. Zimasweka pa nsalu ndi kupha sikirini.

Inki yamadzi ikauma, ntchito sinathe. Iyenera kuwotchedwa kuti igwire ulusi, apo ayi idzasuluka pochapa koyamba, ndipo kasitomala wotero sabweranso. Ikani nsalu yopyapyala kapena pepala pamwamba pa chidindo, musite ndi simbi yotentha kwa mphindi 3 mpaka 5, mukuyendetsa, popanda nthunzi. Simbi yamakala imagwira ntchito, bola musamale phulusa. Tsatirani zolembedwa pa chitini, ndipo pa mtundu uliwonse watsopano wa inki kapena nsalu, chapani chimodzi ndi sopo, mufikise, muone ngati chagwira musanapereke katundu.

Mtundu uliwonse umafuna sikirini yakeyake, ndipo kuti mitundu iwiri igwere pamalo ake pamafunika zizindikiro za tepi pa thabwa ndi dzanja lozolowera. Yambani ndi mtundu umodzi. Chojambula chabwino chakuda pa nsalu yoyera chimagulitsidwa kuposa cha mitundu itatu yophonyana.

Mukangomaliza, palani inki yotsala mubwezere m'chitini, ndipo mutsuke sikirini ndi sikwiji nthawi yomweyo. Inki ikaumiramo, imavuta kwambiri kuchotsa. Pofuna kuchotsa chojambula chakale, pali mankhwala ake ochotsera emulsion. Musalole kuti aumire pa nsalu, chifukwa akatero chojambulacho sichichokanso. Valani magolovesi, tsegulani mawindo, madzi otsukira muthire m'dzenje lakutali ndi chitsime ndi dimba, ndipo zitini zikhale pamwamba posafika ana, kutali ndi mbaula.

Ntchito imene imapindula

Kukonza sikirini kumadya mankhwala ndi nthawi yofanana, kaya musindikiza malaya 5 kapena 50. Tiyerekeze kuti kukonzako kwakudyerani K10,000. Pa malaya 5, aliwonse asenza K2,000 musanawerengere inki, malayawo ndi thukuta lanu. Pa malaya 50, aliwonse asenza K200 yokha. Choncho ikani chiwerengero chochepetsetsa chimene mungalandire, kapena mulipiritse kukonza sikirini padera. Wofuna malaya amodzi a tsiku lake lobadwa mutumizeni kwa a makina otenthetsera zithunzi. Ntchito imeneyo ndi yawo.

Makasitomala anu ndi anthu ovala mofanana: makwaya, amayi a Mvano, a Chigwirizano ndi a Dorika, sukulu za mkaka, matimu a mpira a m'dera, mabanki a m'mudzi, akomiti ya ukwati, mabanja okaonetsa chiliza. Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, ndi nyengo ya Khirisimasi zimabwera ndi ntchito yothinana, ndiye gulani inki ndi mankhwala mwezi umodzi zisanafike. Musagule malaya ndi ndalama zanu. Landirani kaye theka, pamanja kapena pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo mtsogoleri wa gulu awerenge mawu onse pa pepala n'kusainira musanaike pa sikirini. Dzina likalakwika pa malaya 40, pepala losainidwalo ndi limene lidzanene wolipira.

Wojambula asaiwale zakezake. Chithunzi cha asodzi a usipa, cha phiri la Mulanje kapena cha mlambe, chosindikizidwa pa pepala lolimba, chimalowa m'sutikesi mosavuta kusiyana ndi chosema, n'chifukwa chake alendo a ku Cape Maclear, Senga Bay ndi Nkhata Bay amachinyamula mosavuta. Mwambo wa ntchitoyi ndi wakuti mumasankhiratu chiwerengero, mwachitsanzo 20, n'kulemba ndi pensulo m'munsi mwa chilichonse 1/20, 2/20 mpaka chomaliza, pamodzi ndi dzina lanu. Zikakwana, chojambulacho mumachichotsa pa sikirini. Wogula amalipira zambiri podziwa kuti zilipo 20 zokha, ndiye musadzaonjezere mobisa. Mapepala opangidwa pamanja, monga a PAMET ku Blantyre, amakongoletsa makadi, koma amamwa inki mosiyanasiyana ndipo ena ndi okhakhala; yesani limodzi musanagule mtolo. Zosindikizidwa pa pepala ziumire pa chingwe ndi mapegisi, kutali ndi fumbi, ndipo muzisunge zitagona, pakati pake mutaika pepala loyera.

Za malamulo

Chojambula cha mnzanu ndi chuma chake. Lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limateteza zojambula, ndipo bungwe la COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, ndi limene limayang'anira nkhani zotere, kuphatikizapo zanu zomwe. Zizindikiro za makampani ndi za matimu monga Bullets ndi Wanderers zili ndi eni ake, ndipo mbendera ndi chidindo cha boma zili ndi lamulo lake lozitchinjiriza. Wina akabwera ndi chizindikiro cha sukulu, mpingo kapena bungwe, mufunseni kalata ya akuluakulu ake. Ntchito ikayamba kukula, lembetsani dzina la bizinesi ku boma ndipo mutenge nambala ya msonkho ku MRA, pakuti sukulu ndi mabungwe ambiri amafuna mapepala amenewa ndi lisiti asanakupatseni oda.