Funsani Makaniko: Peugeot 504 ndi Benz 240D

Kalata yoyamba yachokera ku Mzuzu. Bambo awa agula Volkswagen Beetle yakale, akufunsa pothirira madzi. Palibe, bambo. Injini yake ili kumbuyo ndipo imazizira ndi mpweya. Muzingoyang'anira oyilo ndi lamba wa fani.

Mayi a ku Area 25, mabuleki akuliratu amenewo sadikira malipiro. Pitani ku galaja lero.

Tsopano achimwene a ku Ndirande. Akuti ali ndi Peugeot 504 ya petulo, mnzawo ali ndi Mercedes-Benz 240D, ndipo amakangana kuti yamphamvu ndi iti.

Pa liwiro mwapambana ndinu. 504 ya 1971cc ili ndi horsepower yopitirira 90, imatha kufika 160 pa ola. Benz ija injini yake ndi yaikulu, malita 2.4, koma inatuluka ndi 65 yokha, kenako 72. Pokwera zitunda zochokera ku Chikwawa, mnzanuyo adzapitiridwa ndi minibasi yodzaza. Komatu Benz imamwa dizilo pang'ono, ndipo injini yake sikalamba msanga, n'chifukwa chake oyendetsa matakisi ku Germany ankaikonda. Pa msewu wafumbi ndingasankhe 504. Masipuling'i ake amameza mabampu, ndipo inapambana Safari Rally ku Kenya mu 1975.

Koma achimwene, kumapeto kwa kalata mwalemba kuti munachotsa thermostat ndipo mu ledieta mumathira madzi a pa mjigo. Aa! Nkhani yomweyi sabata ndi sabata. Akuti kuno n'kotentha, thermostat n'ja azungu. Bodza limenelo. Mukaichotsa, injini imachedwa kufunda m'mamawa, imamwa mafuta ambiri, mapisitoni n'kumadyeka. Nanga madzi a mchere aja? Masilinda a 504 ndi osolola, amakhala m'madzi mwenimweni. Dzimbiri likadya pamene akhalira, madzi amalowa mu oyilo, oyilo n'kukhala ngati tiyi wamkaka.

Mkulu wina anandibweretsera 504 yake ikukokedwa ndi chingwe, akunena kuti amulodza. Nditatsegula ndinapeza matope okhaokha. Ndalama zimene anakana kugulira coolant anazilipira kangapo pa gasiketi ndi mabeyaring'i, ndipo masipeyala a galimoto yomwe inayamba kutuluka mu 1968 sapezeka pa golosale.

Bwezerani thermostat, tsukani ledieta, thirani coolant. Mukatero kakanganeni bwino ndi mnzanuyo. Tiyeni timve nyimbo kaye.